Anagwira ntchito ndi Clarice, dzina linapita kwa Lecter

Asisi, ngati simunaonere The Silence of the Lambs, ifuneni, koma musaonere usiku muli nokha. Ndi filimu ya ku America ya mu 1991 yomwe inakolola ma Oscar asanu akuluakulu. Jodie Foster ndi Clarice Starling, mtsikana amene akadali pa maphunziro a FBI. Amutuma kundende kwa Hannibal Lecter, dokotala wodya anthu, kuti akamuthandize nzeru zogwirira chigawenga china chomwe chikupha akazi n'kumawasenda khungu.

Za magazi tizisiye. Chimene filimuyi inachita bwino ndi maso a amuna. Jonathan Demme, yemwe anaitsogolera, amawayang'anitsa amunawo mu kamera, ndiye iwe woonera umamva ngati akuyang'ana iweyo. Clarice akalowa mu lifiti, muli amuna ataliatali okhaokha. Wafika kundende pa ntchito, mkulu wa pamalopo Dr Chilton wayamba kale kumunyengerera. Ku West Virginia bwana wake Crawford akuuza mkulu wa apolisi kuti nkhani zotere sangazikambe pamaso pa mkazi. Pobwerera akuti inali njira chabe yomuchotsera mkuluyo, koma Clarice sakuseka nawo, akumuuza kuti apolisi aja amatengera kwa iye. Amene munakhalapo mkazi yekha mu miting'i mukudziwa kulemera kwa kuyankha bwana choncho.

Ndipo taonani mmene anachipezera chigawengacho. Anapita ku Ohio, kuchipinda kwa Fredrica Bimmel, mtsikana woyamba kuphedwa, n'kuyang'anitsitsa diresi lomwe ankasoka. Anamutenga ngati munthu amene anali ndi moyo wake. Nthawi yomwe Clarice ankagogoda pa khomo loyenera ali yekha, gulu la amuna ndi mfuti zawo linali likuthyola nyumba yolakwika.

Koma pali pondinyansa. Chigawengacho anachijambula chikudzola lipisitiki ndi kuvina pofuna kuoneka ngati mkazi, ndipo omenyera ufulu ku America anakwiya nazo, ati zikupereka chithunzi choti anthu otere ndi zilombo. Sanalakwe.

Chachikulu ndi Lecter. Anthony Hopkins saoneka ngakhale theka la ola, koma anamupatsa zonse: ulemu, nzeru, nthabwala. Munthu ameneyu anang'amba nkhope ya nesi amene ankamuthandiza. Nesiyo dzina lake sitilimva, ngakhale chithunzi chake satisonyeza. Eti pomaliza filimu ikutseka ndi Lecter ali mfulu, akutsatira munthu woti akamudye, ife n'kumaseka. Ndi matenda omwe aja: wankhanza akakhala wolankhula bwino, anthu amati "koma ndi munthu waulemu uja".

Lecter anabweranso mu mafilimu a 2001, 2002 ndi 2007, kenako mu sewero la pa TV la 2013. Clarice anadikira mpaka 2021 kuti apatsidwe sewero la dzina lake, ndipo linatha ndi season imodzi yokha.