Mwana wofuna kuphunzira tizilombo ta m'dothi tisamuseke

Mwana akauza makolo kuti akufuna kuphunzira za tizilombo ta m'dothi tosaoneka ndi maso, yankho timalidziwa kale: "Ndiye udzadya chiyani? Pita ku unesi." Ife a mu Kabwe sitiyenera kumuseka mwana wotere.

Mgodi wa Broken Hill unatsekedwa mu 1994, koma mtovu, uja timati ledi, unatsala m'dothi. Mphepo ya mu Ogasiti ikawomba, fumbi limalowa m'nyumba za ku Kasanda, Chowa ndi Makululu, mwana wokwawa n'kulinyambita m'manja. Mtovu suwola, ndipo umawononga ubongo wa ana.

Tizilombo tija tili ndi ntchito pa vutoli. Mu 2019, Wilson Mwandira ndi anzake a ku Hokkaido University ku Japan analemba za bakiteriya wopirira mtovu amene anamupeza m'dothi la pa mgodi wathu womwewu. Akamudyetsa yuriya ndi kashiamu, amapanga laimu womata mchenga mpaka kuuma gwa. Cholinga n'kuphimba milu ya zinyalala za mgodi kuti fumbi lisauluke. Bakiteriyayu sachotsa mtovu, amangoutsekera pansi, ndipo zotheka mu labu sizinafike pophimba Black Mountain. Pafunika anthu oyesa chaka ndi chaka, dzinja ndi chilimwe, konkuno.

Nanga anthuwo achokere kuti? Pulojekiti ya KAMPAI, ya UNZA ndi Hokkaido, inayamba mu 2016, ndipo tikuithokoza. Koma mapulojekiti amatha, alendo amabwerera kwawo, fumbi limatsala ndi ife.

Tisanamizane, njira yake ndi yaitali: digiri ya bayoloji, kenako masters, kenako PhD, zaka pafupifupi khumi, ndipo ndalama za kafukufuku n'zochita kupempha. Mwana wa mu komboni sangaiyende yekha. N'chifukwa chake tikupempha boma ndi makampani amene akukumbabe zinyalala za mgodi kuti alipirire achinyamata a kuno maphunzirowa, amange labu ya za dothi pa Mulungushi University kapena Kwame Nkrumah University, ndipo akamaliza awalembe ntchito.

Anzathu a Giredi 12 okonda bayoloji, musachite manyazi. Wina akakufunsani kuti mudzagwira kuti ntchito, mulozereni mulu wakuda uja.