Woneneza aime poyera

Anzanga a pamsika, sabata ino ndakutengerani mawu achilendo. Musathawe, mawuwa adabadwira pamsika ngati wathuwu. Ndi a Chigiriki chakale, *kategoria*, ndipo tanthauzo lake ndi chinenezo, kumuimba munthu mlandu.

Mukawang'amba pakati mupeza *kata*, kutanthauza "motsutsana ndi", komanso *agoreuo*, "kuyankhula pagulu". Tsono *agoreuo* ameneyu mayi ake ndi *agora*, bwalo la pakati pa mzinda pomwe ankagulitsirapo nsomba, mafuta ndi miphika. Inde, msika! Kwa Agiriki, kuneneza munthu kudali kuima poyera, maso onse ali pa iwe, n'kutchula chomwe mnzakoyo walakwa.

Mumzinda wa Athens woneneza ankayankhula yekha pamaso pa oweruza mazanamazana, wonenezedwa ali pompo kudikira kuyankha. Nthawi ankayeza ndi madzi odontha mumphika woboola, mbali zonse mulingo umodzi. Pamilandu yokhudza mzinda wonse, woneneza akalephera kupeza voti imodzi mwa mavoti asanu aliwonse ankalipa chindapusa cha ma drachma 1,000, pamene mmisiri ankalandira drachma imodzi patsiku. Pakamwa padali pokwera mtengo!

Sikuti sankaphonya ayi. M'chaka cha 399 Yesu asadabadwe adapha Socrates, mphunzitsi wotchuka, pomumwetsa chiphe. Komabe omuneneza tikuwadziwa mayina mpaka lero: Meletus, Anytus ndi Lycon. Sadabisale.

Nanga kwathu kuno? Nthawi ya chipani chimodzi kunong'ona kokha kunkakwanira. Mlakatuli Jack Mapanje adamutsekera ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osamuzenga mlandu uliwonse. N'chifukwa chake malamulo aakulu a dziko a 1994, pa gawo 42, amati womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chiyankhulo chomwe akumva, ndipo aonekere kukhoti pasanathe maola 48.

Lamulo lidasintha, koma khalidwe lija kodi lidatha? Pitani ku Area 12, kumipanda yaitali ndi agalu olusa. Foni ikasowa m'nyumba ya bwana, chala chimayamba kuloza mnyamata wa m'maluwa, mlonda, kenaka mayi uja amabwera pageti ndi dengu la tomato ndi nthochi. Umboni? "Ndi yekhayo adalowa." Mawa lake geti satsegula, ngongole ya masamba a mwezi wathunthu yapita, ndipo nkhani yadumpha mpanda kufika kwa aneba. Foniyo ikapezeka pansi pa mpando wa galimoto, palibe wotuluka kukapepesa.

Koma tisangoloza mabwana, amangwetu. Mumsika wa Lilongwe munthu mmodzi akangokuwa kuti "Wakuba!", miyala ndi zibakera zimayamba kugwa asanafunse n'komwe kuti waba chiyani, kwa yani. Wokuwayo amasowa m'chigulu. Chimodzimodzi mnzathu malonda akamamuyendera, timayamba manong'onong'o akuti ali ndi zitsamba. Dziwani kuti lamulo la za ufiti la 1911 limati kutchula mnzako mfiti ndi mlandu. Ndipo mu 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo, popanda ndi mmodzi yemwe woonetsa umboni.

Pali china. Katswiri wa nzeru Aristotle adatenga *kategoria* n'kuyamba kuwagwiritsa ntchito pogawa zinthu m'magulu, ndipo ndi momwe Azungu adapezera mawu awo oti *category*. Chinenezo chikakhalitsa chimasanduka chizindikiro cha gulu lonse: "mavenda ndi akuba". Chimenechi mumachidziwa kuwawa kwake.

Choncho wina akabwera pabenchi panu ndi nkhani ya mnzanu, mufunseni zitatu. Udaona ndi maso ako? Ungakanene pamaso pake, tcheyamani wa msika ali pompo? Ikapezeka yabodza, ulipa chiyani? Akayamba kukanda m'mutu, muuzeni asendere, akutchingira makasitomala.