Digiri ya Zamalonda Iyesedwe pa Munda

Pa mseu waukulu wocokera mu Lusaka kupita ku Chongwe masukulu a maphunziro apamwamba acuruka. Yunivesiti ya Zambia, imene inatsegulidwa m'caka ca 1966, iri ndi sukulu yace ya zamalonda yolandira anthu amene anatenga kale digiri yoyamba. Yunivesiti ya Lusaka inamanga nthambi ku Silverest, ndipo ku Chalimbana, kumene kale kunali sukulu ya aphunzitsi, tsopano kuli yunivesiti. Pakati pa madigiri amene anthu a m'maofesi akuthamangira masiku ano, yomveka kwambiri ndi ya kayendetsedwe ka malonda ndi utsogoleri, imene amaichula mwacidule kuti MBA.

Digiri imeneyi inayambira ku America, pa yunivesiti ya Harvard, m'caka ca 1908. Wophunzira amaphunzitsidwa kusunga mabuku a ndalama, kuwerengera phindu ndi kutaya, kufuna msika wa katundu, kubwereka ndi kubweza nkhongole, ndiponso kutsogolera anchito. Ambiri amaphunzira madzulo kapena pa Ciweru, ali pa nchito, ndipo pomariza amalemba cikalata ca zimene afufuza. Zonsezi ndi nzeru zabwino. Dziko la Zambia, limene polandira ufulu m'caka ca 1964 linali ndi anthu a madigiri ongokwana ngati 100, liyenera kukondwa kuti ana ace afika pamenepa. Koma funso limene munthu wa kumudzi ali nalo danga lofunsa ndi lakuti, kodi nzeru zimenezi zidzafika liti pa munda pace?

Yankho labwino liri ku Kasisi, pafupi ndi bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda, mtunda wocepa kucokera pa mseu womwewo. Misyoni ya Kasisi inayambidwa ndi Bambo Jules Torrend a gulu la maJesuit m'caka ca 1905. M'caka ca 1974 Bulaza Paul Desmarais wa ku Canada anatsegula pamenepo sukulu ya zaulimi, imene poyamba inali kutenga mabanja, mwamuna ndi mkazi wace, kuti akhale pa malopo zaka ziwiri akuphunzira ndi manja ao. Zaka zoyambazo anali kuphunzitsa ulimi wa fataleza ndi mankhwala a m'sitolo, monga momwe mabuku a nthawiyo anali kunenera. Pambuyo pace kunaoneka kuti ndalama zogulira zinthuzo zinali kudya phindu la mlimi, iye natsala ndi nkhongole. Cotero kuyambira m'caka ca 1990 sukuluyo inatembenukira ku ulimi wa manyowa, wa kasinthasintha wa mbeu, ndi wa mitengo ndi nyemba zobwezera conde m'nthaka.

Anthu angatsutsane ngati mlimi aliyense ayenera kusiya fataleza. Cimene sicingatsutsidwe ndi njira imene a ku Kasisi anafikira pa ganizo lao. Anakhala pamodzi ndi alimi, naona cimene calowa m'munda ndi cimene caturuka, ndipo ataona kuti ciwerengero cikukana, anasintha ciphunzitso cao ca zaka zambiri osacita manyazi. Kumeneko ndiko kuyendetsa malonda, ndipo kumeneko ndiko kutsogolera.

Kusowa kwa nzeru yotereyi kwapweteka anthu a kumidzi kuyambira kale. M'caka ca 1965 Mtsogoleri Kenneth Kaunda, polankhula ku Chifubu mu Ndola, anaitana anthu kuti apange makopaletivu, ndipo anapangidwa ambiri m'dziko lonse. Ocuruka a iwo sanakhalitse. Anthu anali ndi mphamvu zolima, koma osunga mabuku odziwa nchito yao anali ocepa, ndipo nkhongole zinali kutengedwa popanda kuwerengera kabwezedwe kace. Bvutoli silinathe. M'caka ca 2022 Boma linakweza thumba la citukuko la CDF kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo gawo lina la ndalamazo limapita ku makopaletivu ndi makalabu a amai ndi a acinyamata. Ndalama zikafika pa kalabu imene iribe wodziwa kulemba zolowa ndi zoturuka, mathero ace amakhala kulozana zala, ndipo acibale amaleka kupatsana moni.

Momwemonso ndi pa msika. Mlimi wa matimati wa ku Chongwe akafika pa msika wa Soweto m'bandakuca, amapeza amkhalapakati amene amadziwa mtengo wa tsikulo koposa iye, ndipo cifukwa katundu wace sangagone masiku, amagulitsa pa mtengo umene wauzidwa. Mlimi wa cimanga amene sangadikire kulipira kwa bungwe la FRA amagulitsa kwa ogula oyendayenda atangokolola, pamene mtengo uli pansi. Ndi ocepa amene amakhala pansi kuphatikiza mtengo wa mbeu, wa fataleza, wa aganyu, wa matumba ndi wa galimoto, kuti adziwe kuti thumba limodzi la makilogalamu 50 lawadyera zingati. Awa ndiwo mafunso enieni a digiri ya zamalonda, koma mabuku ambiri a digiriyo analembedwa ku America ndi ku Ulaya, ndipo zitsanzo zace ndi za makampani akuluakulu a kumeneko.

Ena adzati digiri imeneyi inapangidwira mabanki, migodi ndi maofesi a Boma, ndipo kuti munthu wolipira yekha fizi ali ndi ufulu wogwira nchito kumene afuna. Zoonadi, migodi ndi mabanki zifuna oyendetsa aluso, ndipo palibe amene angakakamizidwe kukakhala kumudzi. Koma manijala wa banki amene sanaonepo m'mene ndalama ya mlimi imabwerera kamodzi pa caka adzapanga nkhongole yoti ibwezedwe mwezi ndi mwezi, ndipo mlimi adzalephera. Cilala ca m'caka ca 2024, cimene Boma linacicha tsoka la dziko lonse, cinaonetsa kuti munda ukauma, sitolo ndi cigayo za m'tauni nazonso zimamva ludzu.

Cifukwa cace mayunivesiti a pa mseu wa kum'mawa ayenera kucita zinthu zitatu. Coyamba, wophunzira aliyense wa digiri imeneyi apatsidwe kopaletivu kapena kalabu imodzi yoti ayende nayo nyengo yathunthu, kuyambira pogula mbeu kufikira pogulitsa zokolola, ndipo mamaraki ace acokere pa zimene zasintha m'mabuku a kalabuyo. Caciwiri, zikalata zofufuza zikambe mabvuto a kuno, monga kasungidwe ka matimati kapena mtengo wa mkaka, ndipo zopezekazo zikafotokozedwe pa msonkhano wa mudzi m'Cisoli ndi m'Cinyanja. Cacitatu, pakhale maphunziro afupiafupi a alembi ndi asungicuma a makopaletivu, opangana ndi masukulu onga a ku Kasisi, amene adziwa kale kuphunzitsa munthu wa khasu.

Makolo naonso acenjere. Kholo lisanagulitse ng'ombe kuti mwana aonjezere digiri yaciwiri, liyambe lafunsa ngati sukuluyo inalembetsedwa ku bungwe la Higher Education Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'caka ca 2013, pakuti safunsa anadya phula. Ndipo mwanayo akabwera pa cuti, apatsidwe buku la kalabu ya amace kuti aliwerenge ndi kunena ngati nkhuku za kalabuyo zikubweretsa phindu kapena zikungodya gaga. Akatha kuyankha momveka kwa amai amene sanapite patali ndi sukulu, ndiye kuti ng'ombe ija sinapite pacabe.