Fyuzi ikapsa, mwini galimoto ayambe wafunsa chifukwa

M'boma la Thyolo, makamaka m'minda ya tiyi ya Satemwa, Conforzi, Makandi ndi Naming'omba, anthu okhala ndi galimoto zawozawo achuluka kusiyana ndi kale. Makalaliki, akapitao ndi aphunzitsi akuyendera galimoto zogwirapo kale ntchito zochokera ku Japan, zimene zambiri zimatsikira pa doko la Dar es Salaam nkuloŵa m'dziko muno kudzera pa Songwe. Ichi nchokondweretsa. Chodandaulitsa nchakuti galimotozi zikakana kulira m'maŵa, eni ake ambiri amathamangira kukatenga makaniko ku Luchenza, ku Bvumbwe ngakhale ku Limbe, pa vuto loti sipanala imodzi ikadalithetsa. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kutaya ndalama kotereku nkosayenera m'banja lililonse.

Mvula ndi chifunga cha chiperoni, zimene zimakometsa tiyi, ndizonso zimadya magetsi a galimoto. Chinyontho chimafulumizitsa dzimbiri pa mitu ya batire, ndipo mabampu a m'misewu ya m'minda amakhwefula nthambo. Zotere munthu angathe kuzikonza pakhomo, pakuti lamya ya m'manja imene ambiri amangoonerapo mpira ili ndi zithunzi ndi makanema osonyeza kakonzedwe kake. Safunsa anadya phula.

Komatu kufunsa kuli ndi njira yake. Wolemba pa intaneti mawu akuti Toyota Sienta okha adzalandira mayankho a galimoto za zaka zosiyanasiyana, ndipo adzazula fyuzi yolakwika. Wanzeru amayamba waŵerenga kachitsulo kolembedwa kamene kali pa mphuthu ya chitseko kapena pafupi ndi injini, natenga nambala ya mtundu wa galimotoyo, monga NCP81 ya Sienta kapena NCP51 ya Probox. Nambala imeneyi ndiyo imabweretsa chithunzi choona cha bokosi la mafyuzi, chinthu chofunika kwambiri poti buku lobwera ndi galimotozi limakhala m'Chijapani.

Pa batire, malangizo odalirika amagwirizana. Batire yodzaza imaonetsa mavoti 12.6 injini ili chete, ndipo injini ikamalira chiŵerengerocho chiyenera kukwera kufika cha m'ma 14. Chikapanda kukwera, mlandu uli ku alternator, ndipo kugula batire yatsopano nkungotaya ndalama. Zoyera zonga ufa za pa mitu ya batire zimachoka ndi soda wophikira wosungunula m'madzi. Pomasula, nthambo ya chizindikiro chochotsera ndiyo iyambe kuchoka, ndipo ndiyo imalizire kubwerera.

Nkhani yaikulu ili pa fyuzi. Kanthu kameneka kanapangidwa kuti kapse kokha nthambo zisanapse, motero fyuzi yakupsa ndi mboni yonena kuti pena pake pali vuto. Mtundu wake umanena mphamvu yake: yofiira ndi ya 10, yabuluu 15, yachikasu 20, yobiriŵira 30. Yakupsa iloŵedwe m'malo ndi inzake ya nambala yomweyo. Ikapsanso nthaŵi yomweyo ndiye kuti nthambo ina yasupuka ndipo ikukhudza chitsulo, ndipo apa mpamene ntchito ya mwini galimoto yathera. Pali chizoloŵezi choipa, chimene makanema ena a pa intaneti amachilimbikitsa mopanda manyazi, choika fyuzi yaikulu, kawaya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Wochita zimenezi watseka pakamwa mboni, ndipo moto umene ukadathera m'kanthu kotsika mtengo udzayaka kuseri kwa chiwongolero, mwina ana ali m'galimotomo.

Nchifukwa chake nkofunika kukumbukira kuti pa intaneti amalembapo aliyense, katswiri ndi wosadziŵa yemwe. Langizo liyerekezedwe ndi ena aŵiri kapena atatu lisanatsatidwe. Ndipo pali malo amene dzanja la munthu wosaphunzira ntchitoyi lisafikepo konse. Nthambo za mtundu wa lalanje za m'galimoto za hybrid, monga Aqua ndi Prius, zimanyamula mavoti oposa 100 ndipo zingathe kupha munthu. Zolumikizira zachikasu nza matumba a mpweya oteteza pangozi, amene angaphulike akaseŵeretsedwa. Izi nza amisiri ophunzitsidwa bwino, onga amene amatuluka m'sukulu zoyang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA.

Ogwira ntchito m'boma adziŵenso kuti zonsezi zikunena za galimoto ya munthu mwini. Galimoto ya nambala ya MG ndi katundu wa anthu onse, ndipo dalaivala woona vuto ayenera kukanena kwa akuluakulu ake m'malo moyeserapo zimene waona pa lamya. Atsogoleri a m'madera a Thyolo angachite bwino kupempha amisiri a m'magalaja a maesiteti, amene akhala akukonza mathirakitala ndi malole kwa zaka zambiri, kuti tsiku lina Loŵeruka adzaonetse eni galimoto pamene pali bokosi la mafyuzi ndi kagwiritsidwe ntchito ka kachipangizo koyezera mavoti.