Kanema wa The Mikado ndi Maganizo a Oonera

Mwa akanema akale amene mkangano wake sunathebe, pali The Mikado wa m'chaka cha 1939. Kanemayu anachokera ku sewero loseketsa lanyimbo limene W. S. Gilbert ndi Arthur Sullivan analionetsa koyamba ku Savoy Theatre mumzinda wa London mu 1885. Nkhani yake ndi ya Nanki-Poo, mwana wa mfumu ya ku Japan, amene anathawa ukwati wokakamizidwa nakonda Yum-Yum, namwali wotomeredwa ndi Ko-Ko, mkulu wonyonga anthu.

Oonera agawika patatu. Ena amadandaula kuti nyimbo zingapo zinadulidwa, ndi kuti mbali ya Nanki-Poo inapatsidwa kwa Kenny Baker, woimba wa pa wailesi wa ku America. Ena amathokoza kuti kanemayu anasunga luso la Martyn Green ndi Sydney Granville a gulu la D'Oyly Carte, limene linatsekedwa mu 1982. Koma ena, makamaka a masiku ano, amanyansidwa poona Azungu atadzola nkhope ndi kuvala kuti aoneke ngati Ajapani.

Ife tikuona kuti dandaulo lachitatuli ndilo lolemera. Oteteza sewerolo amati Gilbert ankatonza akuluakulu a ku England, ndipo akunena zoona: Pooh-Bah, wokumbatira maudindo onse ndi wolandira ziphuphu, ndi Mngelezi wobisala m'chovala chachilendo. Komabe chovalacho chili ndi eni ake. Boma la Britain lomwe linadziwa zimenezi, pakuti mu 1907 linaletsa sewerolo mu London pamene Kalonga Fushimi wa ku Japan anadzacheza. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kukoma kwa nyimbo kusatitseke maso.

Tsono kodi kanemayu atayidwe? Ayi. Kumutaya ndi kufafaniza umboni wa mmene Azungu a nthawi imeneyo ankaonera mitundu ina, pamodzi ndi chitonzo chabwino cha pa anthu adyera la maudindo. Aphunzitsi amuonetse kwa ana a sukulu, nawafunse mafunso awiri: kodi akusekedwa ndani, nanga akuseka ndani? Wotsiriza sukulu amene angathe kusangalala ndi nyimbo za Sullivan, koma nazindikira pamene nthabwala yaponda mtundu wa anthu ena, ameneyo waphunzira kuonera kanema. Luso limenelo adzalifuna nthawi zonse pamene alendo akujambula nkhope ya Mwafirika.