Nyama Zopenya ndi Makutu

Dzuŵa likamaloŵa ku Zomba, mileme imayamba kutuluka m'madenga a nyumba zakale za m'tauni, m'mphako za mitengo ya m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, ndiponso m'mapanga a kuphiri. Pa nyengo ya ngumbi imazungulirazungulira nyali za mumsewu mpaka usiku. Ndiye pali anyamata ena amene amaidikirira ndi malegeni. Akafunsidwa chimene mleme waŵalakwira, ena amati ndi nyama ya afiti, ena amati ndi mbeŵa chabe yopanda ntchito, ndipo ena amangoseka. Mayankho onseŵa ndi osamveka. Mleme ndi nyama yothandiza anthu, ndipo kuupha popanda chifukwa ndi kulakwa.

Anthu amauganizira ufiti chifukwa umauluka mumdima osagunda kanthu. Komatu palibe zamatsenga pamenepa. Mwana aliyense amene anakwerapo phiri la Zomba amadziŵa kuti munthu akafuula moyang'anana ndi thanthwe, mau ake amabwerera ngati kuti wina akumutsanzira. Mumpweya mau amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi imodzi. Tsono ngati thanthwe lili pa mtunda wa mamita 170, mauwo amapita ndi kubwerako pa sekondi imodzi. Thanthwe likakhala pafupi, amabwera msanga koposa apo.

Mileme yodya tizilombo imagwiritsa ntchito nzeru yomweyi. Pouluka imalira timau tating'ono takuthwa, kenaka nkumvetsera. Timauto tikagunda mtengo, khoma kapena ngumbi, timabwerera m'makutu mwake, ndipo mleme umadziŵa kumene chinthucho chili, kukula kwake, ndi kumene chikuloŵera. Pofunafuna chakudya umalira mwina kakhumi pa sekondi. Ukayandikira kachilombo umafulumiza kulirako mpaka pafupifupi ka 200 pa sekondi, kenaka nkukagwira. Khutu la munthu silimva mau onjenjemera koposa ka 20,000 pa sekondi, pamene mileme yambiri imalira mopyola malire ameneŵa. Choncho usiku umene anthu a ku Chinamwali kapena ku Sadzi amati kunja kuli zii, kumakhala kuli phokoso lalikulu pamwamba pa madenga awo.

Anthu anatenga nthaŵi yaitali kuti adziŵe zimenezi. M'chaka cha 1793 Lazzaro Spallanzani wa ku Italy anapeza kuti mileme yosapenya imaulukabe bwinobwino m'chipinda. Koma makutu ake atatsekedwa, inkagunda zinthu ndi kugwa. Panapita zaka zoposa 140 nkhaniyi isanamveke bwino, mpaka mu 1938 pamene Donald Griffin, wophunzira wa pa yunivesite ya Harvard ku Amerika, anamva kulira kwa mileme pogwiritsa ntchito makina.

Chodabwitsa nchakuti nzeru imeneyi iliponso m'nyanja zamchere, kutali ndi Malaŵi. Kumeneko kuli anangumi akuda a mutu wozungulira, amene Angerezi amaŵatcha pilot whale, chifukwa kale anthu ankakhulupirira kuti gulu lonse limatsata mtsogoleri mmodzi. Ena a iwo amapezeka m'nyanja ya India, imene imagombeza dziko la Mozambique. Nangumi wamwamuna amatha kutalika mamita 6. Ngakhale amakhala m'madzi, iye si nsomba ayi. Amapuma mpweya kudzera pa mphuno imene ili pamwamba pa mutu, ndipo wamkazi amabala mwana ndi kumuyamwitsa, monga momwe mleme umachitira.

Chakudya cha anangumi ameneŵa ndi nyama zofeŵa za miyendo khumi zotchedwa squid, zimene zimakhala pansi penipeni. Akatswiri anamata timakina pamsana pa anangumi ena pafupi ndi chilumba cha Tenerife, ndipo mu 2008 anafalitsa zimene anapeza. Anaona kuti nangumi amatha kutsika mamita 1,000 pansi pa madzi. Kuzama kumeneku nkofanana ndi kuchoka pamwamba penipeni pa phiri la Zomba kutsikira pa msika wa m'tauni. Kuŵala kwa dzuŵa sikufika kumeneko, ndipo nangumi ali ndi mphindi 15 kapena kuposerapo pang'ono kuti apeze chakudya ndi kubwerera kukapuma.

Nanga amachipeza bwanji mumdima wotero? Pansi pa mphuno yake pali tinjira ta mpweya timene timatulutsa mau omveka ngati kugogoda: go, go, go. Mauwo amadutsa m'mafuta a pamphumi pake, amene amaŵalunjikitsa kutsogolo monga momwe galasi la tochi limalunjikitsira kuŵala. Akagunda nyama amabwerera, ndipo nangumi amaŵalandira kudzera m'nsagwada ya m'munsi mpaka kukafika m'khutu. M'madzi mau amayenda mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi, kuposa kanayi liŵiro lake la mumpweya. Nangumi akayandikira nyamayo amafulumiza kugogoda mpaka kumveka ngati njuchi, uku akuthamanga mamita 9 pa sekondi, ngati munthu wa pa mpikisano wa liŵiro. Mleme wa ku Zomba ndi nangumi wa ku Tenerife sanaonanepo, koma amasaka mofanana. Palibe munthu amene amanena kuti nangumi ndi mfiti.

Mau ali ndi ntchito inanso kwa anangumi. Iwo amakhala m'mabanja, ndipo ana amakula pafupi ndi amayi awo kwa zaka zambiri. Akuluakulu akatsika kukasaka, ana aang'ono amatsala pamwamba ndi ena a pagululo. Osakawo amaimba malikhweru ndi kuitana ali pansi pomwepo, kuti pobwera asasoŵe anzawo. Kukondana kotereku nthaŵi zina kumaŵaika pa ngozi. M'mwezi wa September mu 2020, anangumi pafupifupi 470 a mtundu umenewu anatsakamira pamchenga ku Tasmania, m'dziko la Australia. Anthu anayesetsa kuŵakankhira m'madzi akuya, koma anapulumutsa ongopitirira pang'ono 100. Pa ngozi zotere, ena mwa opulumutsidwa amabwereranso kugombe kumene abale awo atsala. Phokoso la sitima zikuluzikulu nalonso limaŵasokoneza, pakuti nyama yodalira makutu imavutika m'phokoso monga momwe munthu amavutikira m'chifunga cha pa Ku Chawe m'mwezi wa June.

Mileme nayonso imaitanana. Mileme yambiri imabala mwana mmodzi pa chaka, kaŵirikaŵiri kumayambiriro a dzinja. Mayi akapita kukasaka amasiya mwanayo pakati pa ana ena ambirimbiri. Pobwera amamuzindikira ndi kulira kwake komanso fungo lake. Mnyamata wa legeni akagwetsa mleme umodzi m'mwezi wa December, nthaŵi zambiri amakhala atapha iŵiri, chifukwa kamwana kamene katsala kudenga kamalira mpaka kufa ndi njala. Mbeŵa imabala ana ambiri kangapo pa chaka, koma mleme sutero. Mileme ikatha pamalo, imatenga zaka kuti ichulukenso.

Ndipo ikatha, amene amalira ndi mlimi. M'Malaŵi muli mitundu ya mileme yoposa 60, ndipo yambiri imadya tizilombo: udzudzu, ngumbi, tizikumbu ndi agulugufe ausiku. Ena mwa agulugufe ameneŵa ndiwo amaikira mazira amene amasanduka mbozi zoononga mbewu, monga zija zinadya chimanga m'maboma ambiri mu 2017. Mleme umagwira ntchito imeneyi usiku uliwonse, osalipidwa, mlimi ali m'tulo. Mileme ikuluikulu yodya zipatso imadalira maso ndi mphuno, ndipo nzoona kuti imalaŵa mango a eni ake. Koma ndi yomweyo imene imamwaza njere za mkuyu ndi mitengo ina kumalo akutali. Phiri la Zomba, limene mitengo yake yachepa chifukwa cha nkhwangwa ndi moto, likusoŵa odzala otere.

Pali anthu ena amene dandaulo lawo ndi lomveka. Mileme ikakhazikika m'denga la nyumba kapena la kalasi, ndowe zake zimanunkha ndipo zimadetsa makoma. Komanso mileme ina imatenga matenda oopsa ofanana ndi chiŵeŵe. Pa chifukwa chimenechi mwana sayenera kugwira mleme ndi manja, wamoyo kapena wakufa, ndipo amene walumidwa asambitse bala ndi madzi ndi sopo, kenaka athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Apa mpomwe pamaonekera kuipa kwina kwa legeni. Mleme wouluka m'mwamba suluma munthu. Umene umaluma ndi uja wagwetsedwa pansi, mwana nkuutola.

Nanga banja limene lavutika ndi mileme m'denga lichite chiyani? Kuifukiza ndi utsi kapena kuithira mankhwala sikuthandiza, chifukwa imafera momwemo ndi kununkha koposa kale, ndipo utsi ungathe kuyambitsa moto. Njira yabwino ndi kudikira chilimwe, pamene ana a mileme akula ndipo akuuluka okha. Madzulo, anthu a pabanjapo aime panja ndi kuonetsetsa mabowo amene mileme ikutulukira. Kukacha atseke mabowo onse aang'ono, nkusiyako limodzi lalikulu. Patapita masiku angapo, kukada ndithu, mileme itatuluka, munthu wamkulu akwere pa makwerero ndi kutseka bowo lotsalalo ndi waya wa sefa kapena simenti, ndipo alitsegulenso madzulo otsatira kuti yotsalira ituluke. Ndowe zotsala kudenga azinyowetse pang'ono ndi madzi kuti fumbi lisabuke, azisese atatseka pakamwa ndi pamphuno ndi nsalu, kenaka akazithire m'dimba la ndiwo zamasamba, pakuti ndi manyowa amphamvu.