Wosapemphera asathawe kwawo

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo maganizo anga pa nkhani imene yandisowetsa tulo kuno ku Mpingu. Mnyamata wina amene ndidamphunzitsa ku pulaimale, yemwe tsopano ndi kalipentala waluso, adabwera kudzanditsanzika kuti akupita ku Joni. Si umphawi ukumuthamangitsa ayi. Iye adasiya kupemphera ndipo amanena poyera kuti sakhulupiriranso Mulungu. Chiyambire pamenepo ena samuyankha moni, ndipo wina adamuuza kuti akadzafa adzaikidwa ngati galu, popanda nyimbo.

Ine ndine mkhristu ndipo maganizo akewo sindigwirizana nawo, komabe ndidamuuza kuti asapite.

Kuthawa kuli ndi nthawi yake. Mu 1972, ine ndili mwana, tidaona a Mboni za Yehova akudutsa mu msewu wa ku Mchinji uno, katundu ali pamutu, kuthawira ku msasa wa Sinda Misale ku Zambia. Mpingo wawo udaletsedwa mu 1967, ndipo ankamenyedwa ndi kuwotcheredwa nyumba chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Amenewo sindingawadzudzule, moyo wawo udali pachiswe. Koma chiletsocho chidachotsedwa mu 1993, ndipo gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino a mu 1994 limapatsa aliyense ufulu wa chikumbumtima ndi chikhulupiriro. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti pa anthu 100 aliwonse, awiri alibe chipembedzo. Kodi onsewa asamukire ku Joni?

Taonani zimene adachita a George Thindwa a bungwe la Association for Secular Humanism. Iwo sadali opemphera, koma m'zaka za 2010 ndi 2011 adamenyera nkhondo agogo amene adatsekeredwa m'ndende powanamizira ufiti, chonsecho lamulo la mu 1911 limati wolakwa ndi amene waloza mnzake chala kuti ndi mfiti. Ambiri a ife opemphera tidali chete. Akadakhala kuti bambowa adathawira kunja, agogo aja akadawalankhulira ndani? Ntchitoyi sidathe, pakuti mu 2016 ku Neno anthu adapha nkhalamba zinayi pa nkhani yomweyi.

Mnyamata wangayu ali ndi agogo ake okalamba m'mudzi muno. Ndidamufunsa kuti, "Mwanawe, tsiku limene khanda lidzamwalire mwadzidzidzi anthu n'kuyamba kunong'ona dzina la agogo ako, adzaimirire pabwalo ndani iwe uli ku Joni?" Adangoti zyoli. Ndidamulangizanso kuti akakhala asamanyoze mapemphero a anzake. Azipezeka pamaliro ndi pa ntchito za chitukuko, kuti anthu amuweruze poona ntchito zake.

Kwa inu abusa, ansembe ndi akulu a mipingo, kumbukirani kuti maepiskopi a Katolika polemba kalata yawo ya m'mwezi wa Malichi 1992 adalankhula ali m'dziko momwe muno, ndipo zinthu zidasintha. Mudzi umakonzedwa ndi okhalamo, ngakhale amene sitigwirizana nawo. Chonde langizani akhristu anu aleke kuopseza munthu ndi maliro ake omwe. Ngati mukufuna kumubweza, mucheze naye pakhonde pake. Mukamupirikitsa, mudzamulalikira bwanji?

Mnyamatayo sadanyamuke, akuti akuganizabe. Akawerenga kalatayi akumbukire mawu a akuluakulu akuti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Mpingu, Lilongwe.